Mwana wa Kunja kwa Bikoni

Mgodi wa Kabwe utatsekedwa, huta ija imene inkadzutsa anthu m'mamawa inakhala chete, koma amuna a m'komboni ya Chowa sanasiye kudzuka. Thupi lozolowera silimva zoti ntchito yatha. Ankadzuka nthawi yomwe ija, kusamba, kuvala majombo, kenako n'kukhala pakhonde kumayang'ana fumbi likuuluka kuchokera ku mulu wa zotaya za mgodi. Ena anatopa nako kuyang'anako, anamanga katundu n'kubwerera ku Petauke kapena ku Chadiza kumene anachokera makolo awo. Nanga a Gershom Mbewe akanalowera kuti? Iwo anabadwira m'komboni momwemo, atate awo anaikidwa ku Kabwe komweko, ndipo ku Katete kumene ankati ndi kwawo anangopondako pa maliro, n'kubwerako ndi malungo.

Choncho itamveka nkhani yoti nyumba za mgodi azigulitsa kwa amene akukhalamo, a Gershom sanazengereze. Anapereka zonse zimene zinatsala pa ndalama zowachotsera ntchito, iwo n'kutsala ndi manja awiri ndi chifuwa chimene anatuluka nacho pansi pa nthaka. Akazi awo, a Felistas, anavina pabwalo tsiku limenelo, nthungululu mpaka anansi kutuluka. Zaka zonsezi m'nyumba ya eni, lero khoma ndi lako, ukhoza kukhomapo msomali osapempha kwa kapitawo!

Koma kugula nyumba n'kwina, kukhala mwini wake n'kwinanso. Pamafunika taitolo, chikalata cha boma chonena kuti malo awa ndi a uje, ndipo njira yake imayambira ku khonsolo. M'komboni munkayenda mbiri za anthu amene anachedwa nazo, n'kudzangoona mlendo watulukira ndi mapepala akeake akuti nyumbayo ndi yake. Zoona kapena zabodza, a Gershom sanafune kuyesa madzi ndi miyendo yonse. Lolemba lina anavala jekete la ku tchalitchi, a Felistas anamanga chitenje cha bungwe la Anna Woyera, mapepala m'kapulasitiki ka shuga, ulendo wapansi wa ku tauni.

Pa desiki anapeza mtsikana dzina lake Bwembya, wobadwira m'tauni momwemo, zikhadabo zopaka utoto, Chinyanja chake chosakaniza ndi Chibemba ndi Chingerezi. A Felistas atangomuona anati mumtima, apa tagwa nayo, ana awa amakuyang'ana ngati wabwera kudzapempha mchere. Koma ayi ndithu, mwanayo anali waulemu.

"Ba tate, mapepala yanu yali che bwino," anatero Bwembya. "Manje pa taitolo tilembepo ndani? Imwe mweka?"

"Tonse awiri," anayankha a Gershom uku akutsokomola. "Ine ndi amake Nora. Ndaona zambiri ine. Mwamuna akangotseka maso, abale amene sanapondepo ndi kale amatulukira ndi lole. Mkazi wanga asadzagone pamsewu."

A Felistas anayang'ana pansi. Mwamuna ameneyu sanali wa mawu okoma. Chikondi chake chinkatuluka chotere, mwaukali, pamaso pa anthu achilendo.

"Ndiye ni so," anatero Bwembya. "Saveya azabwela kupima puloti, aike mabikoni m'makona. Akasiliza, mubwele musaine bonse babili. Umozi akasoba, faelo siyenda."

Anatuluka ali osangalala, mpaka a Gershom kugula vitumbuwa pa siteshoni ngati mnyamata wofunsira mbeta. Koma atawoloka njanji, mawu aja akuti kupima anayamba kuwaluma a Felistas.

Tsono panali chinthu chimene a Gershom sankachidziwa, chimene a Felistas anachisenza okha kuyambira utsikana wawo. Nora, amene anthu ankawatchulira dzina lake, sanali mwana wawo woyamba. Woyamba anabwera chaka chimene anakwatiwa, m'dzinja, miyezi isanakwane, a Gershom ali pansi pa shifiti ya m'mawa. Mvula inali ikugwa ngati yatumidwa, galimoto osapezeka. Amene anathamangira kudzathandiza ndi amayi Maness, namkungwi wa mu laini yawo ya nyumba, ndi amayi ena awiri achikulire. Mwana anabadwa, koma sanalire.

Kwathu mwana wotero ndi nthayo. Sakhoma bokosi, saimba nyimbo, sauza amuna kumene wagona. Amayi akuluakulu okha ndiwo amamukulunga m'nsalu n'kukamuika mwakachetechete m'kadzenje kosazama, poti amati ukamukwirira mozama wakwirira pamodzi ndi kubala kwa make. Make yemwe saloledwa kupita, saloledwanso kulira. Kumudzi kuli malo ake a zimenezi. Koma kuno manda anali kutali, ali ndi mlonda ndi mapepala, ndipo mlondayo anali mwamuna. Amayi Maness anachita zimene akanatha.

"Gona, yang'ana kukhoma," anawauza a Felistas. "Usalire, mwanawe. Ukalira sudzaonanso wina."

Koma ndani angauze mtima wa mayi kuti uyang'ane kukhoma? Amayi aja atatuluka, a Felistas anadzikoka mpaka pa windo la kuchipinda. Anawaona atatuwo atawerama mumvula kuseri kwa khitchini, kupitirira mpanda wa nkhadze, pamene nyumba iliyonse inali ndi kadimba kake. Anaona kamtolo kokulungidwa m'chitenje chawo chobiriwira. Anaona khasu likukwera ndi kutsika pang'ono chabe, kenako amayi Maness akupondaponda dothi ndi chidendene.

A Gershom atatuluka pansi madzulo, amayi Maness anawachingamira pakhomo. "Zalephereka, bambo, koma mkazi wanu ali moyo. Thokozani Mulungu, musafunse zambiri." A Gershom anali mwana wolangidwa bwino, sanafunse. Anangopita kukagula shuga ndi buledi, n'kuziika pafupi ndi mphasa ya mkazi wawo.

Pambuyo pake kunabwera Nora, kunabwera Christian, anakula, anapita ku Lusaka kukasaka ntchito. Amayi Maness anamwalira, anzawo aja wina anamwalira, wina anabwerera kumudzi. Pamalo paja a Felistas anagubuduzirapo mwala wafulati m'mbali mwake, namati ndi pokhalira posadzula ndiwo. Kuzungulira anadzala chibwabwa, koma pakatipo khasu silinkafika, madzi otsukira mbale sankatayidwapo, ndipo mwana woponda pamenepo ankalandira khofi wosadziwa chifukwa chake. Mwezi wa Novembala, Akatolika akamapita kumanda kukalambula ndi kuyatsa makandulo, iwo ankapita nawo kwa apongozi awo, pobwera n'kudzakhala pamwala paja ndi kolona. Mwana wosabatizidwa, wopanda dzina, ungamulembetse Misa bwanji? A Gershom ankangoseka. "Munda wa amake Nora ndi wodabwitsa, pakati amasungirapo fumbi."

Saveya anabwera tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, ndi amuna awiri onyamula tepi ndi thumba la simenti. Anayeza kutsogolo, anayeza m'mbali, a Gershom akuwatsatira pambuyo manja kumbuyo ngati ndiwo abwana. A Felistas anaima pakhomo la khitchini, mpeni ndi anyezi m'manja, osadula kanthu. Tepi inakwawa kupita kuseri, inafika pa mpanda wa nkhadze, n'kuima.

"Apa," anatero saveya.

"Apo ayi, bambo," a Felistas anatulukira. "Dimba langa lili uko."

"Amai, madimba aya anthu anangolima okha. Puloti yanu ithera pa mpanda. Kuchoka apa ni ya nyumba ya kumbuyo."

"Ndalima pamenepo kuyambira inu musanabadwe!"

"Nimvela, amai. Koma mapu sinalembe ndine, analemba a mgodi kalekale."

Anakumba, anathira simenti, anazika kachitsulo pakati. Ameneyo ndiye bikoni. Mwala uja, ndi malo aja, anatsala kunja, kutalika kwake ngati mphasa imodzi yokha.

Nyumba ya kumbuyoyo mwini wake anali atabwerera kumudzi, n'kuigulitsa kwa a Nevers, bambo wa maminibasi wokhala kumayadi ku Highridge. Sanali munthu woipa, ayi. Anali munthu wosekaseka, wopereka moni kwa aliyense, wa mtundu uja umene umakupondera phazi uku ukukufunsa za ana. Anabwera madzulo omwewo kudzaona mabikoni ake.

"Amai, mukololeko chibwabwa chanu," anatero mwansangala. "Mwezi ukatha nimanga wolofensi, mpanda wa mabuloko. Ndiye apa pali mwala nizakumba chidzenje cholowamo makanika pokonza mabasi. Pafewa bwino apa."

A Felistas anayang'ana mwala uja. Chidzenje! Amuna ndi mapiki ndi mafosholo, kenako mafuta akuda a injini kudonthera pamenepo tsiku ndi tsiku. Anatsegula pakamwa, koma kumanja kunali a Nevers, kumanzere a Gershom, amuna okhaokha. Mawu anabwerera m'mimba.

Kuyambira pamenepo ulendo wa ku khonsolo unavuta. Lolemba a Felistas mwendo wauma. Lachitatu kuli msonkhano wa Anna Woyera. Lachisanu mutu. Iwo ankaganiza, mwa nzeru za munthu wothedwa nzeru, kuti malinga ngati dzanja lawo silinasaine, malirewo sanakhale enieni. A Gershom poyamba anapirira, koma chifuwa chawo sichinkapirira. Anali atayamba kulavula zofiira, ndipo ankabisa kansalu m'thumba poganiza kuti mkazi wawo sakuona.

"Amake Nora, mukufuna chiyani kwenikweni?" anafunsa tsiku lina atakankha mbale ya nshima. "Ine ndikuthamanga ndi masiku. Ndikagwa mapepala ali pakati, mudzalimbana ndi ndani? Mutaye nyumba yonse chifukwa cha chibwabwa?"

"Si chibwabwa."

"Nanga n'chiyani?"

A Felistas anatola mbale n'kupita nazo kukhitchini. Anatsuka mbale imodzi mpaka inatsala pang'ono kubooka.

Lamulungu lotsatira ananena kuti mutu wakula, sapita ku Misa. Imeneyo inali nkhani payokha, poti a Felistas ankapita ku Misa ngakhale ndi malungo. Belu litalira, laini yonse itatsala ndi nkhuku zokha, anatenga khasu n'kupita kuseri. Anakumba kuzungulira bikoni uja. Simenti inali italimba, yolemera ngati mtondo. Anaigwedeza, anaikoka, zikhadabo kuthyoka, msana kulira, mpaka inazuka. Anaigubuduza kupitirira mwala uja, anakumba dzenje lina, anaizika, anakwirira, n'kuwazapo fumbi louma ndi masamba. Atamaliza anakhala pamwala akupuma mwabefu, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere saveya mtima wawo unakhala pansi. Mayi wamkulu, wa nzeru zake, ankakhulupiriradi kuti boma limaona ndi maso ngati mnansi, ndipo likapeza chitsulo chili apa lidzati chinali pomwepo.

Sizinagone masiku. M'mawa mwake amisiri a a Nevers anabwera ndi chingwe kudzayeza maziko, chingwe n'kupita mokhota. Anaitana bwana wawo. Musafunse za anthu a m'komboni yopanda ntchito: nthawi yomweyo mpanda wonse unadzaza mitu.

"Ba Mbewe, izi ni zabwanji?" anafunsa a Nevers, kuseka kuja kutatha. "Kusuntha bikoni ni mlandu wa polisi, mudziwa?"

A Gershom anayang'ana chitsulo, anayang'ana dzenje lakale lokwiriridwa mwachangu, kenako anayang'ana manja a mkazi wawo. Zikhadabo zinanena zonse.

"Amake Nora, ndinu?"

"Ndine."

"Chifukwa?"

Kumpanda wina anati, "Hee, a Anna Woyera akuba malo!" Ena anaseka. Wina anati njala ya chaka chino yalowa mpaka m'mutu. A Felistas anaima chilili, maso pa mwala, manyazi akuwawotcha nkhope, koma pakamwa anatseka ndithu. Akananena bwanji, pagulu, pamaso pa amisiri ogwira mafosholo?

A Gershom sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinapweteka kwambiri. Anavula jekete, anatenga khasu, anazula bikoni uja okha. Mmisiri wina anafuna kuthandiza, iwo anamukaniza ndi dzanja. Anamugubuduza kubwerera pa mpanda, akuima kuti atsokomole, akuweramanso, anthu onse akuonerera. Atamaliza anapepesa kwa a Nevers ngati mwana wogwidwa akuba mango.

"Zatha, ba Mbewe," anatero a Nevers. "Koma mukasaine mawa. Sinifuna nikamange ndiye mawa milandu."

M'mawa a Gershom anangoti, "Valani," ndipo a Felistas anavala.

Ku khonsolo Bwembya anatulutsa faelo, anatambasula pepala lojambulidwa puloti, anaonetsa posaina. A Gershom anasaina msangamsanga n'kukankhira cholembera kwa mkazi wawo. A Felistas anachigwira. Dzanja linafika pa pepala n'kuima, osalemba. Bwembya anayang'ana dzanjalo, anayang'ana zikhadabo zothyoka, anayang'ana nkhope.

"Ba tate," anatero, "nipempako mukankale pa benchi panja pang'ono. Pali vina vofunsa ba mayo beka."

Panalibe zofunsa zilizonse, mwanayo anangopeka. A Gershom atatuluka, iye anatseka chitseko, anakoka mpando n'kukhala pafupi.

"Ba mayo, ni chani? Pali amene akukakamizani?"

Mwina chinali chifukwa choti anali mkazi. Mwina chifukwa choti anali mlendo, wosadziwa aliyense wa ku Chowa. A Felistas anangomva mawu akutuluka okha, mawu amene sanawauzepo ngakhale wansembe poulula machimo.

"Pali mwana wanga pamenepo, mwanangu. Kuseri kwa mpanda. Wagona kunja kwa bikoni."

Anafotokoza zonse, mvula, windo, chitenje chobiriwira. Bwembya anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Nanga kumanda sibanamupeleke chifukwa chani? Zina yake ni ndani?"

"Nthayo ilibe dzina. Inu ana a m'tauni simungazidziwe."

Bwembya anapukuta m'maso ndi nsonga ya chala kuti utoto usafufutike. Kenako analankhula pang'onopang'ono, ndipo sananame.

"Ba mayo, nizakuuzani zoona. Malile sitingasinthe, puloti ija ili na mwine wake. Chamene ningachite ni kulemba lipoti kuti pali manda. Nikalemba, bazabwela ba zaumoyo na ba polisi, bazakumba, bazafunsa anaika ndani, chaka chiti. Ndiye faelo yanu izaima mpaka nkhani isile. Ingatenge chaka, ingapitilile."

"Okumbawo ndi amuna?"

"Ni bamuna."

Panja, kupyola chitseko, kunamveka chifuwa cha a Gershom, chija chokoka kuchokera pansi, chosafuna kutha. A Felistas anamvetsera mpaka chinaleka. Chaka! Mwamuna uja analibe chaka, iwo ankadziwa, ankachapa okha kansalu kaja. Kuno mwana amene sanapumepo mpweya, uko mwamuna amene mpweya ukumuthera, akufuna kufa atasiya mkazi wake pansi pa denga. Anamva chisoni chimene sanachimvepo, chisoni cha munthu amene auzidwa kuti asankhe yekha chomutaya.

Anatola cholembera. Analemba dzina lawo pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, monga anawaphunzitsira masisitere. Bwembya anadinda chidindo mofatsa ngati akuopa kudzutsa munthu.

"Koma ba mayo," anatero powaperekeza kuchitseko, "ba tate mubauze. Mwana ni wao naye."

Pobwerera anayenda motalikirana, a Gershom patsogolo, iwo pambuyo. Anadutsa masitolo otsekedwa, anadutsa anyamata ogulitsa zitsulo zozula ku mgodi. Atafika pa njanji a Gershom anaima kuti apume, atagwira mawondo. A Felistas anafika pambali pawo, nayang'ana kutsogolo, osati kwa iwo.

"Atate ake Nora, mwana uja woyamba. Amayi Maness anamuika kuseri kwa mpanda, pambali pa mwala. Ndinaonera pa windo."

A Gershom anakhala chiweramire. Sitima ya katundu inadutsa yonse, mabogi osatha, iwo osadzuka. Itapita anawongoka, anatenga kapulasitiki ka mapepala m'manja mwa mkazi wawo, nanyamula okha. Mpaka kunyumba sanayendenso patsogolo.

M'mawa mwake, amisiri asanafike, a Felistas anamva khasu likuchotsedwa kuseri kwa chitseko. Anatuluka mothamanga. A Gershom anali atadutsa kale mpanda, ataima pambali pa mwala.

"Ndi pati penipeni?"

"Ayi, atate ake Nora, amuna safika pamenepo! Ndi mwambo."

"Mwambo wake wasungidwa mokwanira. Ine ndakumba miyala ya azungu moyo wanga wonse, ndilephere kukumba mwana wanga? Tim'lowetse m'kati. Ndi pati?"

A Felistas analoza. Anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi chitenje chatsopano chimene ankasungira Khirisimasi, nachiyala pansi. A Gershom anapala pamwamba ndi khasu mosamala, kenako analiponya kumbali, anagwada, n'kuyamba kufukula ndi manja. A Felistas anagwada mbali inayo. Dothi lililonse ankalifikisa pakati pa zala asanaliike pambali.

Anapeza mizu ya chibwabwa. Anapeza kachidutswa ka botolo ndi chiswe. Anakulitsa dzenje cha kumwala, anakulitsa cha kumpanda. Anafika pa dothi lolimba limene khasu la amayi Maness silikanafika, n'kulipyola. Panalibe kanthu. Ngakhale kafupa, ngakhale ulusi umodzi wa chitenje chija. Kamwana ka miyezi yosakwana, m'kadzenje kosazama, madzinja onse aja: nthaka inali itamaliza kalekale ntchito yake.

"Mwina ndi uku pang'ono," anatero a Felistas, zala zikukandabe. "Ndinaona bwino ine. Mwina ndi uku."

"Amake Nora, basi." A Gershom anawagwira dzanja. "Basi. Ndi pomwe pano. Wasanduka dothi lomweli."

Anatapa dothilo ndi manja awiri n'kuthira pa chitenje, anatapanso, mpaka panakhala kamulu. A Felistas anamanga nsonga zinayi. Kamtoloko kanali kolemera ngati mwana wobadwa kumene, ndipo manja awo anakafungatira okha asanaganize. Anadutsa nako pa mpanda, anapyola bikoni, nakhala pansi kuseri kwa khitchini, m'kati mwa puloti yawo.

A Gershom anakhala pambali pawo, mawondo ali dothi lokhalokha. Anayang'ana kamtoloko nthawi yaitali.

"Ndakhala ndikufuna kufunsa zaka zonsezi," anatero potsiriza. "Anandiuza kuti ndisafunse. Kodi anali mwamuna kapena mkazi?"

A Felistas anawayang'ana amuna awo, misozi ili mbwee.

"Sanandionetse, atate ake Nora. Inenso sindidziwa."

Pamenepo a Gershom Mbewe, munthu amene sanalire pa maliro a atate awo, amene sanalire tsiku limene anawalanda chipewa ndi nyali pa geti la mgodi, anagwira kumutu n'kulira mokweza. A Felistas anawatsatira ndi mfuu ija ya amayi, imene imamveka mpaka laini yachitatu.

Ku Chowa mfuu yotero siifuna uthenga. Zitseko zinatseguka, amayi anathamanga akumanga zitenje m'chiuno, amuna anatsika pamakonde. Omwe aja anaseka dzana anadzaza pabwalo, ena atayamba kale kulira, poganiza kuti chifuwa chija chawatenga a Gershom. Anawapeza ali moyo, atakhala pa dothi ndi mkazi wawo, pakati pawo kamtolo ka chitenje chatsopano.

Mayi wina wachikulire anagwada pafupi, nawagwira a Felistas paphewa.

"Amake Nora, tiuzeni, tikauze anthu ku tchalitchi. Maliro ndi a ndani?"

A Felistas anatsegula pakamwa. Anayang'ana a Gershom, a Gershom anayang'ana iwo. Anthu anadikira dzina.